Mphunzitsi ali m'foni, uvuni uli pambaula

Aliyense woyenda mumsewu wa Blantyre-Zomba amadziwa kuti minibasi ikaima pa Njuli, pa Mbulumbuzi kapena pa Namadzi, choyamba kufika pazenera ndi beseni. M'besenimo mumakhala mandasi, zitumbuwa, masikono, pena chigumu chodulidwa m'magawomagawo. Geni imeneyi ndi yakale m'boma la Chiradzulu, ndipo pali ana ambiri amene adavala yunifomu ndi kugula makope ndi ndalama zochokera m'beseni la mayi awo.

Chasintha masiku ano ndi mphunzitsi. Kale mtsikana ankaphunzira kukanda ufa poyang'anira mayi ake kapena azakhali. Ena ankaphunzira kumagulu a amayi a kumpingo monga Mvano ndi Dorika, enanso kwa alangizi a chitukuko cha m'madera, omwe ambiri mwa iwo adasulidwa pa koleji ya Magomero m'boma lomweli. Lero mphunzitsi akukwana m'thumba la diresi. Pa YouTube, pa Facebook ndi pa TikTok pali makanema osawerengeka oonetsa kaphikidwe ka buledi, mabanzi ndi keke. Palinso aphunzitsi amene amatsegula magulu pa WhatsApp, wofuna kuphunzira n'kulipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba.

Zotsatira zake zikuoneka. Keke yomwe kale inkachita kukaodedwa ku Limbe kapena ku Blantyre, lero ena akuiphika kuseri kwa nyumba n'kukaipereka kuchinkhoswe, kuukwati kapena kuphwando lokumbukira tsiku lobadwa.

Komabe si onse amene aonera makanemawa omwe akudyerera. Foni imaphunzitsa kasakanizidwe ka zinthu, koma siidziwa mtengo wa ufa pa Namitambo, siidziwa kuti nyumba yanu ilibe magetsi, ndipo siikuwerengerani phindu. Apa ndi pomwe mpamba wa anthu ambiri ukuthera.

Zidayenda bwanji ku Philippines?

Dziko limene nkhani yophunzira zophikaphika pa intaneti idamveka kwambiri ndi la Philippines, ku Asia. Dzikoli ndi la zilumba zoposa 7,000 ndipo lili ndi anthu oposa 100 miliyoni. Pakati pa mwezi wa March 2020, matenda a Covid-19 atavuta, boma la kumeneko lidalamula anthu a pachilumba cha Luzon, pomwe pali likulu la Manila, kuti asatuluke m'nyumba popanda chifukwa chenicheni. Makampani adatseka, anthu ambirimbiri ntchito zidawathera.

Ali bindikire chomwecho, ambiri adatembenukira kukhitchini. Bungwe la boma loona za maphunziro a ntchito zamanja kumeneko, lotchedwa TESDA, lidali litayamba kale kuphunzitsa anthu mwaulere pa intaneti m'chaka cha 2012, ndipo mwa maphunziro ake mudali a kaphikidwe ka buledi ndi makeke. Mliri utafika, anthu olembetsa adachuluka kwambiri. Ena adaphunzira pa YouTube, ena kwa akatswiri ophika omwe ankaphunzitsa pa Zoom ndi pa Facebook. Akaphika, ankajambula chithunzi n'kuchiika pa Facebook kapena pa Instagram, makasitomala n'kuitanitsa, anyamata a njinga zamoto n'kukapereka pakhomo.

Chomwe chidatchuka kwambiri nthawi imeneyo chili ndi phunziro kwa ife. Anthu a ku Philippines amakonda kabanzi kam'mawa kotchedwa pandesal. Dziko lawo, monga lathu, limadalira tirigu wogula kunja. Ophika a m'makomo aja adatenga kabanzi kodziwika kale kaja n'kuthiramo ube, mtundu wa chilazi cha pepo mkati chomwe chimalimidwa komweko, pakati n'kuikapo tchizi. Kabanzi ka ube kadagulidwa ngati mtedza wokazinga. M'chaka chomwecho cha 2020, bungwe la boma lofufuza za zakudya kumeneko lidatulutsa banzi lopatsa thanzi la ana lothira maungu, ndipo pambuyo pake lidatulutsanso lothira mbatata.

Anthuwa sadangokopera zomwe adaona pakanema. Adatenga luso la pa intaneti n'kulikwatitsa ndi chakudya chomwe anansi awo ankachidziwa kale komanso mbewu za m'minda mwawo.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Chiradzulu

Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti m'boma la Chiradzulu mudali anthu 356,875. Bomali ndi laling'ono, moti pa sikweya kilomita imodzi pamakhala anthu oposa 450. Ndi limodzi mwa maboma othinana kwambiri m'dziko muno. Minda ndi ing'onoing'ono, ndipo imanka icheperachepera makolo akamagawira ana awo. Banja lodalira khasu lokha limavutika kuti chimanga chifike mwezi wa February.

Zaka zapitazi zaonjezera chipsinjo. Namondwe wa Freddy adasakaza bomali mu March 2023, kugumula nyumba ndi kukokolola mbewu. Chaka chotsatira kudabwera ng'amba, moti mu March 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Banja lomwe lili ndi kanthu kena kobweretsa ndalama tsiku ndi tsiku limapirira zoterezi kusiyana ndi lomwe likungoyang'ana kumwamba.

Mwayi wa bomali ndi woti msika ulipo. Misewu iwiri ikuluikulu, wa ku Zomba ndi wa Midima wopita ku Mulanje, imadutsa m'bomali. Ku Nguludi kuli chipatala cha St Joseph's ndi Catholic University of Malawi, yomwe idatsegulidwa m'chaka cha 2006, komwe kumakhala ophunzira ambiri ndi zikondwerero za omaliza maphunziro. Paboma pali chipatala chachikulu ndi maofesi. Chaka chilichonse pa 15 January, anthu amakhamukira ku PIM kukakumbukira Mbusa John Chilembwe. Kuonjezera apo pali masiku a msika, sukulu, matchalitchi ndi mizikiti. Mkaka nawo sumasowa, poti Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma a kummwera komwe alimi amaweta ng'ombe zamkaka ndi kugulitsa kudzera m'magulu awo.

Tsono funso si loti ogula alipo kapena ayi. Funso ndi loti wophunzira pafoni achite chiyani kuti zomwe waona zisanduke ndalama.

Kumasulira kanema kuti agwirizane ndi mbaula

Vuto loyamba limabwera kanema akangoyamba. Mphunzitsi wa ku America kapena ku Manila amayatsa uvuni wamagetsi, n'kutchula nambala ya katenthedwe. Ali ndi sikelo, makina osakanizira ndi firiji. Nyumba zambiri za m'midzi ya kuno zilibe magetsi a Escom, ndipo ngakhale omwe ali nawo sanaiwale mdima wa m'chaka cha 2022, namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira n'kuchotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a dziko lino.

Koma uvuni si chinthu chachilendo. Ndi malo otsekeka omwe kutentha kumazungulira chakudya mbali zonse. Agogo athu ankadziwa zimenezi pophika chigumu mumphika, makala pansi ndi pachivundikiro. Njira yomweyo imaphika keke. Mumatenga poto wamkulu, kuthiramo mchenga woyera ndi wouma pansi, kuvundikira ndi kuutenthetsa pambaula. Mchenga ukatentha, mumaika timiyala titatu tofanana, chitini cha keke n'kukhala pamwamba pa timiyalato kuti chisakhudze mchenga. Kenaka mumavundikira ndi kuika makala ochepa pachivundikiro. Mchengawo umasunga kutentha ndi kukugawa mofanana kuti keke isapserere pansi mkati muli mwamuwisi.

Manambala a m'makanema asakuopseni. Mphunzitsi wa ku America akanena 350, akuwerenga m'muyeso wa kwawo wa Fahrenheit, ndipo m'muyeso womwe timagwiritsa ntchito kuno ndi pafupifupi madigiri 180. Uwu ndi moto wapakatikati, wosalilima. Wopanda choyezera akhoza kuwaza kaufa pang'ono m'chitini chopanda kanthu n'kuchiika mupoto. Ufa ukada msangamsanga n'kufuka utsi, moto wachuluka. Ukakhala woyera kwa nthawi yaitali, moto wachepa. Ukamafiira pang'onopang'ono, ndiye kuti zili bwino. Keke ikalowa, osavundukula m'mphindi 20 zoyambirira, chifukwa mphepo yozizira ikalowa, keke imafwapa pakati. Podziwa ngati yapsa, lasani pakati ndi kamtengo koyera. Kakatuluka kouma, yapsa.

Kapu nayo imasokoneza ambiri. Kapu ya m'makanema ndi muyeso wokhazikika wa pafupifupi mamililita 240, ndipo ikadzaza ufa wa tirigu imalemera magalamu pafupifupi 125. Kapu ya tiyi ya kunyumba kwanu ikhoza kukhala yaikulu kapena yaing'ono kuposa apo. N'chifukwa chake chida choyamba kugula pa geni imeneyi ndi kasikelo kakang'ono, osati zokongoletsera keke. Wopima ndi maso amaphika masikono okoma Lolemba, olimba Lachiwiri, ndipo kasitomala sabwereranso.

Palinso kusiyana kwa zotupitsa. Yisiti ndi chinthu chamoyo. Amafuna madzi ofunda ngati osambitsira khanda, ndipo madzi otentha kwambiri amamupha. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta mapiri a kuno, mtanda umachedwa kufufuma, choncho umafunika kuuvundikira ndi kuuika pafupi ndi moto. Soda amagwira bwino ntchito akakumana ndi chinthu chowawasa monga chambiko kapena madzi a ndimu, ndipo akachuluka chakudya chimamveka sopo m'kamwa. Baking powder ali kale ndi chowawasa chake. Zitatuzi sizilowana m'malo mwachisawawa.

Tirigu ndi wa eni, mbatata ndi yathu

Vuto lachiwiri ndi ufa. Tirigu amene amalimidwa m'dziko muno, m'madera ozizira monga ku Tsangano ndi ku Neno, ndi wochepa kwambiri. Pafupifupi ufa wonse wa tirigu womwe timaphikira umachokera ku tirigu wogula kunja ndi ndalama zakunja, yemwe amalowa kudzera m'madoko monga la Nacala ku Mozambique n'kudzagayidwa m'zigayo zikuluzikulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Izi zikutanthauza kuti mayi wogulitsa mandasi pa Mbulumbuzi amakhudzidwa ndi zochitika kutali komwe sadafikeko. Nkhondo ya pakati pa Russia ndi Ukraine, maiko awiri omwe amagulitsa tirigu wambiri padziko lonse, itayamba mu February 2022, mtengo wa tirigu udakwera paliponse. Mu May chaka chomwecho mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Ufa, mafuta ophikira ndi majarini zidakwera motsatana. Ogula adaona okha mandasi akucheperachepera pomwe mtengo ukukwera.

Apa ndi pomwe phunziro la ube likugwira ntchito. Ife tili ndi mbatata yofiira mkati. Kuonjezera pa mtundu wa Zondeni, m'chaka cha 2011 akatswiri a zaulimi adatulutsa mitundu ina isanu: Anaakwanire, Chipika, Kadyaubwerere, Kaphulira ndi Mathuthu. Mbatatayi ili ndi michere yomwe thupi limaisandutsa Vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi, makamaka kwa ana. Bungwe la International Potato Center, lomwe lakhala likulimbikitsa mbatatayi mogwirizana ndi boma, lidaonetsa kuti mbatata yophika ndi kupota ikhoza kulowa m'malo mwa ufa wa tirigu mpaka magawo 40 pa 100 aliwonse pophika buledi ndi mabanzi. Poti mbatata ndi yotsekemera kale, shuga amalowa wochepa, ndipo banzi limatuluka lofewa ndi lachikasu chokopa maso. Mayi Jean Pankuku, katswiri wa zakudya yemwe adayambitsa Tehilah Bakery ku Blantyre, adadziwika ndi buledi wotereyu, kutsimikiza kuti Amalawi amamugula.

Kakonzedwe kake n'kosavuta. Tsukani mbatata bwinobwino, iphikeni ndi madzi ochepa kapena ndi nthunzi, isendeni ndi kuipota mpaka isalale, kenaka idikireni izizire musanaisakanize ndi ufa. Chepetsani madzi a mumtanda poti mbatata yabwera ndi madzi ake. Mbatata yopota siichedwa kusasa, choncho konzani yongokwana tsiku limenelo.

Chinangwa nacho chili ndi gawo. Kuyambira m'chaka cha 2008, ntchito yotchedwa C:AVA idaphunzitsa magulu a alimi m'dziko muno kupanga ufa woyera wa chinangwa wophikira. Ufawu ndi wosiyana ndi wa kondowole, poti chinangwa chake sichivikidwa. Chimasendedwa, kutsukidwa, kuperesedwa, kufinyidwa madzi ndi kuyanikidwa tsiku lomwelo, kotero ufa wake sununkha komanso suwawasa. Mubuledi umalowa pang'ono, ngati gawo limodzi mwa magawo khumi, koma m'mandasi ndi m'mabisiketi umalowa wochulukirapo.

Chifukwa chomwe tirigu sangachotsedwe yense mubuledi n'choti ali ndi ulimbo wake wachilengedwe womwe umagwira mpweya wa yisiti kuti mtanda ufufume. Mbatata ndi chinangwa zilibe ulimbowu. Choncho yambani ndi pang'ono, lawitsani apabanja ndi anansi, muzionjezera mpaka mutapeza muyeso wabwino, ndipo muulembe m'kope. Nthochi zakupsa, maungu ndi nsinjiro nazo zili ndi malo m'keke, ndipo zonsezi zimapezeka pamsika wa pafupi.

Masamu omwe kanema saphunzitsa

Vuto lachitatu ndi lomwe lagwetsa mageni ambiri mwakachetechete. Anthu amawerenga ndalama zomwe zalowa m'chikwama madzulo n'kuziyesa phindu.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Mayi wagula ufa, shuga, majarini, mazira ndi zotupitsa za K18,000. Waphika masikono 120 oti agulitse pa K200 iliyonse. M'mutu mwake akuona K24,000, phindu K6,000. Koma waiwala makala a K2,000, thiransipoti ya K2,000 yokagulira ufa, ndi K1,000 ya mapepala okulungira ndi chiphaso cha pamsika. Zonse pamodzi walowetsa K23,000. M'mawa ana adatengapo masikono asanu a kusukulu, ndipo khumi adatsala osagulidwa. Wagulitsa 105, wapeza K21,000. Mayiyu watuluka thukuta tsiku lonse n'kuluza K2,000, koma poti m'manja muli ndalama, sakudziwa. Pakatha milungu itatu apeza kuti ndalama yogulira thumba lina la ufa siikukwana, n'kuyamba kuganizira anansi kuti akumukawa.

Mankhwala ake ndi kope ndi cholembera. Lembani chilichonse chomwe chalowa pa kuphika kumodzi, ngakhale machesi. Gawani ndi chiwerengero cha zomwe zatuluka kuti mudziwe mtengo weniweni wa sikono imodzi. Ikaniponso malipiro a thukuta lanu. Mtengo wa ufa ukasintha, bwerezani masamuwo tsiku lomwelo. Zomwe banja ladya zilembedwe ngati zagulidwa. Ndalama ya geni ikhale pa yokha, isasakanikirane ndi ya ndiwo.

Pa keke zochita kuitanitsa, lamulo ndi loti kasitomala apereke theka la ndalama musanagule dzira ndi limodzi lomwe. Ukwati umatha kulephereka, ndipo keke yolembedwa maina a eni simungakaigulitse pamsika. Mgwirizano wa kukula kwa keke, mtundu wake, tsiku ndi mtengo ulembedwe pa uthenga wa pafoni kuti pasadzakhale kukanirana. Ngongole kwa abale ndi anansi ikhale ndi malire, chifukwa mawu oti “ndikupatsani mwezi ukatha” atsekera anthu ambiri geni.

Ambiri amayamba ndi ngongole ya banki m'khonde. Palibe cholakwika, koma chiwongoladzanja chake chimawerengedwa mwezi ndi mwezi ndipo sichidikira kuti muphunzire kaye. Nzeru ndi yoyeserera ndi ndalama zanu zochepa, kilogalamu imodzi ya ufa, mpaka dzanja litakhazikika ndipo mwapeza ogula odalirika. Ngongole ibwere pokulitsa geni yomwe ikuyenda kale. Paja kuthamanga sikufika.

Abambo nawo ali ndi mbali. Geni ya pakhomo imayenda banja likagwirizana: wina kukapikula ufa, wina kukapereka katundu panjinga, mwana wa kusekondale kuthandiza kulemba m'kope akaweruka. Bambo amene amatenga ndalama ya m'beseni ngati yake yomwera tiyi akudula nthambi yomwe wakhalira. Ndipo ntchitoyi si ya amayi okha. Anyamata omwe amaliza Fomu 4 n'kumangokhala akhoza kuigwira, monga momwe amuna ambiri amagwirira m'mabekale a m'tauni.

Ukhondo ndiye chikwangwani chanu

Palibe amene waiwala kolera yemwe adayamba mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, mliri woopsa kwambiri wa matendawa m'mbiri ya dziko lino. Nthawi ngati imeneyo ogulitsa zakudya zophikaphika ndiwo amayamba kuletsedwa malonda. Wophika pakhomo ayenera kudziwa kuti mwana mmodzi akatsegula m'mimba atadya keke yake, mbiri imafika mudzi wonse dzuwa lisanalowe.

Madzi okandira ufa ndi otsukira ziwiya akhale otetezedwa, owiritsa kapena othira klorini. Sambani m'manja ndi sopo, wengani zikhadabo, mangani duku. Ziweto ndi ana okwawa atalikire pophikira. Pogulitsa, chakudya chikhale chovundikira, ndipo dzanja lolandira ndalama lisagwire mandasi. Gwiritsani ntchito foloko kapena chopanira. Kukulunga chakudya chamafuta m'nyuzipepala si bwino poti inki imamatirira.

Mafuta okazingira akada ndi kuyamba kuchita thovu, atayeni. Mtedza ndi chimanga chachuku zisalowe m'nsinjiro kapena mu ufa wa chigumu, poti chuku chimakhala ndi poizoni yemwe saphedwa ndi moto ndipo amaononga chiwindi. Makanema ambiri amakongoletsa keke ndi kirimu wa mkaka yemwe amafuna firiji. M'dzuwa la October, keke yotereyi imasungunuka ndi kuonongeka isanafike kuholo. Wopanda firiji akongoletse ndi shuga wosalala wa keke wosakaniza ndi majarini, ndipo aisunge pamthunzi.

Geni ikayamba kukula, pitani kukhonsolo mukafunse za chiphaso cha bizinesi, ndipo alangizi a zaumoyo akuuzeni zoyenera kutsata wogulitsa zakudya. Wofuna kuika katundu wake m'mapaketi ndi kumugulitsa m'masitolo akuluakulu ayenera kudutsa ku Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972 kuti liziona ubwino wa katundu. Safunsa adadya phula.

Kusankha mphunzitsi

Si mphunzitsi aliyense wa pa intaneti amene ndi woona. Alipo amene amaba zithunzi za keke za anthu ena, kulengeza maphunziro, kulandira ndalama, kenaka n'kuzimitsa foni. Musanalipire, funsani munthu amene mukumudziwa yemwe adaphunzirapo kwa mphunzitsiyo. Mphunzitsi weniweni amaoneka nkhope ndi manja akuphika, amatchula miyeso yeniyeni, amayankha mafunso, ndipo mukamutumizira chithunzi cha keke yomwe yakanika amakuuzani chomwe chalakwika. Woyenera kumufuna kwambiri ndi amene amaphikira pambaula ngati inu, ndi zinthu zopezeka m'magolosale a kuno. Yambani ndi makanema aulere musanatulutse khobidi.

Bandulo nayo ndi ndalama. M'malo moonera kanema mmodzi kakhumi, musungeni m'foni kamodzi, mulembe miyeso m'kope. Amayi a gulu limodzi la banki m'khonde akhoza kusonkherana bandulo, kuonera limodzi pafoni imodzi, wodziwa Chingerezi n'kumamasulira, kenaka n'kuyeserera pamodzi. Akhozanso kugula thumba la ufa la makilogalamu 50 n'kugawana, zomwe zimatsika mtengo kusiyana ndi kugula wopimitsa. Gulu lotere likalimba likhoza kumanga uvuni wanjerwa umodzi n'kumaphika mosinthana, nkhuni n'kumalowa zochepa.

Dziwaninso malire a foni. Ngakhale ku Philippines, womaliza maphunziro a pa intaneti a TESDA akafuna satifiketi ya boma yotsimikiza luso lake amakayesedwa pamaso pa woyesa, akuphika ndi manja ake. Kuno bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja ndi TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999. Wachinyamata amene akufuna kudzalembedwa ntchito kuhotela kapena kubekale yaikulu afunse kumeneko za sukulu zovomerezeka. Koma wofuna kudyetsa banja lake ndi geni ya pakhomo, woyesa wake ndi kasitomala amene wagula lero n'kubweranso mawa.

Choncho musayambe ndi keke yansanjika zitatu yomwe mwaiona pa Facebook. Sankhani chinthu chimodzi chomwe anthu a pamsika wanu amagula tsiku lililonse, kaya ndi sikono, banzi kapena chigumu. Chiphikeni kakhumi mpaka chizituluka chimodzimodzi nthawi zonse. Yesani kuthiramo mbatata ya m'munda mwanu. Werengani mtengo wake mpaka tambala yomaliza. Zikatero, keke yaukwati idzabwera yokha, poti amene adalawa sikono yanu ndi yemwe adzakutchuleni mwana wake akamadzakwatiwa.